Kumva Msanga ndi Kumva Mochedwa: Zining'a za Chingerezi ndi Kuweruza Nzeru za Ana ku Petauke ndi ku Nyimba

Funso lomwe likuunikidwa

Chiyankhulo chilichonse chili ndi mawu oweruzira mmene munthu amamvera zinthu, ndipo ambiri mwa mawuwa ndi zining'a, kutanthauza mawu angapo oyendera limodzi omwe tanthauzo lake silipezeka pomasulira liwu lililonse palokha. Chingerezi chili ndi zining'a zochuluka zonena kuti wina amamva msanga kapena amachedwa kumva, ndipo popeza ndicho chiyankhulo cha boma ndi cha mayeso m'dziko la Zambia, mawu oterewa amamveka m'makalasi, m'zokambirana za aphunzitsi ndiponso pomwe makolo akufotokozeredwa za mwana wawo kumapeto kwa teremu. M'maboma a Petauke ndi Nyimba, m'chigawo cha Kum'mawa, nkhaniyi ndi yolemera mwapadera chifukwa ana ambiri amakula akuyankhula Chinsenga, amakumana ndi Chinyanja cha m'mabuku akayamba sukulu, ndipo amalemba mayeso awo m'Chingerezi, kotero kuti nzeru za mwana mmodzi zimaweruzidwa m'ziyankhulo ziwiri zomwe si za pakhomo pake.

Mafunso ofunika ndi atatu. Loyamba ndi lakuti zining'a zimenezi zimajambula chithunzi chanji cha nzeru za munthu, ndipo chithunzicho chinachokera kuti. Lachiwiri ndi lakuti liwiro lomwe munthu amamvera nkhani ndi muyeso wodalirika wa nzeru zake kapena ayi. Lachitatu ndi lakuti chimachitika n'chiyani kwa mwana amene wapatsidwa dzina la wochedwa kumva pomwe chomwe chikumuchedwetsa ndi chiyankhulo, njala kapena matenda.

Magulu a zining'a za Chingerezi ndi magwero ake

Akatswiri awiri, George Lakoff ndi Mark Johnson, anaonetsa m'buku lawo la mu 1980 lotchedwa Metaphors We Live By kuti anthu amaganiza za zinthu zosaoneka, monga nthawi ndi nzeru, pobwereka zithunzi za zinthu zogwirika. Zining'a za Chingerezi zokhudza kumva zikutsimikiza mfundo imeneyi, ndipo zingagawidwe m'magulu anayi malinga ndi chithunzi chomwe chabwerekedwa.

Gulu loyamba limaona kumva ngati kutola kapena kuwakha chinthu choponyedwa. Munthu amene sachedwa kuzindikira zomwe zanenedwa amatchedwa "quick on the uptake", pomwe mnzake wochedwa amatchedwa "slow on the uptake", ndipo mawu akuti "catch on" amanena za kuyamba kumvetsa nkhani yomwe poyamba inali yosamveka. M'gulu lomweli muli "a quick study", mawu omwe anayambira m'nyumba zochitira zisudzo ponena za wosewera amene amaloweza mawu ake m'kanthawi kochepa, komanso "it went over his head", omwe amajambula nkhani ngati chinthu chomwe chadutsa pamwamba pa mutu wa munthu osagwidwa.

Gulu lachiwiri limaona nzeru ngati chipangizo chodulira, chomwe chingakhale chakuthwa kapena chobuntha. Wanzeru amatchedwa "sharp" kapena "as sharp as a tack", kumufanizira ndi kamsomali kosongoka, pomwe wochedwa kumva amatchedwa "dull", kutanthauza wobuntha. Chining'a chakuti "not the sharpest tool in the shed" chimanyoza mozungulira ponena kuti munthuyo si chipangizo chakuthwa kwambiri mwa zonse zosungidwa, ndipo chakuti "as thick as two short planks", chofala ku Britain, chimafanizira mutu wa munthu ndi matabwa okhuthala omwe kanthu sikangawabowole.

Gulu lachitatu limabwereka kuwala. Mwana wanzeru ndi "bright", wofooka ndi "dim", ndipo nkhani ikayamba kumveka pang'onopang'ono amati "it dawned on him", kufanizira kumvetsa ndi kutuluka kwa m'bandakucha. Gulu lachinayi limabwereka makina. Chodziwika kwambiri ndi "the penny dropped", chomwe chinachokera ku makina ogulitsa tinthu omwe ankagwira ntchito pokhapokha kobiri yoponyedwamo itagwera pamalo pake, ndipo nthawi zina kobiriyo inkayamba yakodwa isanagwe.

Kusiyana kofunika kwambiri pakati pa zining'azi sikuli m'zithunzi zake koma m'zomwe zimaweruza. Zina zimanena za chochitika, monga kugwa kwa kobiri kapena kucha kwa kunja, ndipo zimavomereza kuti kumvetsa kumatenga nthawi koma kumafika. Zina zimanena za chibadwa cha munthu, monga kubuntha ndi kukhuthala kwa mutu, ndipo zimatseka nkhani ngati kuti palibenso chingasinthe. Mphunzitsi amene wanena kuti nkhani sinam'fikebe mwana wasiya khomo lotsegula, pomwe amene wanena kuti mwanayo ndi wobuntha wapereka chigamulo chomwe chingatsatire mwanayo zaka zambiri.

Mmene liwiro linasandukira muyeso wa nzeru

Kunyoza munthu wochedwa kuphunzira n'kwakale m'Chingerezi, ndipo liwu lakuti "dunce", lonena za mbuli ya m'kalasi, linachokera ku dzina la John Duns Scotus, katswiri wamkulu wa maphunziro a zaumulungu amene anamwalira mu 1308, chifukwa patapita zaka pafupifupi 200 omutsatira ankanyozedwa kuti akukana maphunziro atsopano. Koma ganizo lakuti liwiro lingayezedwe ndi kusandutsidwa nambala ndi la posachedwapa. Mu 1884 Francis Galton anatsegula malo oyezera anthu mumzinda wa London, komwe anthu zikwizikwi anayezedwa mphamvu za maso, za makutu ndi liwiro lochitira kanthu, pokhulupirira kuti zimenezi zikuonetsa nzeru zobadwa nazo. Mu 1905 Alfred Binet ndi Théodore Simon anatulutsa ku France mayeso ofuna kupeza ana ofunika thandizo lapadera kusukulu, ndipo Binet mwiniwake ankatsutsa zoti nzeru za mwana ndi zokhazikika zosatheka kukula. Komabe mayeso a mtunduwu atafika ku America, makamaka pomwe asilikali ambirimbiri anayezedwa m'chaka cha 1917, anasanduka mapepala olembedwa ndi gulu lonse nthawi imodzi, wotchi ili patsogolo.

Kuchokera m'mbiri imeneyi munatuluka dzina lakuti "slow learner", lomwe akatswiri a maphunziro ankaligwiritsa ntchito ponena za mwana amene amapeza malikisi otsikirapo pa mayeso a nzeru koma alibe ulumali wa ubongo. Dzinali linayenda ndi mabuku ophunzitsira aphunzitsi kufika m'mayiko omwe ankalamulidwa ndi Britain, ndipo m'masukulu ambiri linataya tanthauzo lake lenileni n'kuyamba kuperekedwa kwa mwana aliyense wotsalira, popanda kuyeza kulikonse. Ku Zambia mayeso a Giredi 7, oyendetsedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, akhala kwa zaka zambiri a mafunso osankha yankho mu nthawi yoikika, kuphatikizapo mapepala apadera awiri oyesa kaganizidwe, kotero kuti liwiro lowerengera Chingerezi lakhala likulowa m'zotsatira za maphunziro ambiri.

Ganizo losiyana linaperekedwa ndi John Carroll mu 1963, amene anati luso la wophunzira lizionedwa ngati kuchuluka kwa nthawi yomwe akufunikira kuti adziwe chinthu. Malinga ndi ganizoli, ana amasiyana pa nthawi yomwe amafuna, ndipo ambiri amene amalephera amalephera chifukwa nthawi yomwe anapatsidwa inali yochepa kuposa yomwe ankafunikira.

Nzeru monga zimaonedwera kumudzi

Chinyanja nachonso chili ndi mawu ake. Mwana womva msanga amanenedwa kuti mutu wake umagwira, kapena kuti ndi wakuthwa, wochangamuka, pomwe wochedwa amanenedwa kuti ndi wouma mutu, wogona, kapena kuti zinthu sizim'lowa. Apa zikuoneka kuti zithunzi za kugwira ndi kuthwa si za Chingerezi chokha, ndipo si zoona kuti anthu a kuno sasamala za liwiro. Kusiyana kuli pa malo omwe liwiro limapatsidwa pakati pa makhalidwe ena a munthu wanzeru.

Kafukufuku wodziwika bwino pa nkhaniyi anachitidwa ndi Robert Serpell wa pa University of Zambia, amene kuyambira mu 1973 anafufuza m'midzi ya Achewa m'boma la Katete, anansi a Ansenga a ku Petauke, ndipo zotsatira zake anazilemba m'buku la mu 1993 lotchedwa The Significance of Schooling. Iye ankafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pa ana omwe akuwadziwa angasankhe uti kuti am'patse ntchito yakutiyakuti, ndi chifukwa chake. Mayankho anaonetsa kuti nzeru zinali ndi mbali ziwiri, kuchenjera ndi kutumikira. Kuchenjera ndi kufulumira kwa maganizo, pomwe kutumikira ndi kukhala mwana wotumika, womvera ndi wokhulupirika, amene akapatsidwa udindo amaukwaniritsa. Kuchenjera kopanda kutumikira sikunkayamikiridwa, popeza wochenjera angakhalenso wachinyengo, monga Kalulu wa m'nthano amene amapusitsa anzake koma nthawi zina amagonja kwa Fulu woyenda pang'onopang'ono. Zofanana ndi zimenezi zinapezekanso ku Uganda, komwe Mallory Wober analemba mu 1974 kuti anthu a m'midzi ya Abaganda ankagwirizanitsa nzeru ndi kudekha ndi kusamala, pomwe aphunzitsi ndi ena ophunzira ankazigwirizanitsa kwambiri ndi liwiro.

Miyambi ikuchitira umboni zomwezi. Wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" umaphunzitsa kuti zinthu zina zimaonekera wodikira yekha, ndipo wakuti "mawu a akulu akoma akagonera" umavomereza poyera kuti pali nkhani zomwe tanthauzo lake limafika patapita nthawi, ndipo kuchedwa kumeneko si uchitsiru. Wakuti "safunsa anadya phula" umaika wofunsa pamwamba pa wothamangira kuchita. Choncho mwana woleredwa bwino kumudzi amaphunzira kusayankha mkulu mothamanga, kusam'dula mawu ndi kuyamba waganiza asanatsegule pakamwa, ndipo makhalidwe omwewa, amene pakhomo amam'patsa dzina la mwana waulemu, m'kalasi angam'patse dzina la wogona.

Mbiri ya chiyankhulo cha sukulu ku Petauke ndi ku Nyimba

Dera la Petauke ndi Nyimba ndi la Ansenga, anthu a mfumu yaikulu Kalindawalo ndi mafumu ena monga Nyamphande, Mumbi, Ndake, Nyalugwe ndi Luembe, amene amasonkhana pa mwambo wa Tuwimba. Sukulu zoyamba m'derali zinabwera ndi amishoni. Mpingo wa Dutch Reformed, womwe unayamba ntchito ku Magwero mu 1899, unatsegula mishoni ya Nyanje mu 1905 ndipo pambuyo pake ya Hofmeyr ndi ya Merwe, pomwe Akatolika anakhazikika ku Minga. Popeza mabuku a Chinyanja anali atalembedwa kale, ndiwo ankagwiritsidwa ntchito kwambiri, ndipo mu 1927 boma la atsamunda linasankha Chinyanja kukhala chimodzi mwa ziyankhulo zinayi za m'makalasi oyambirira, pamodzi ndi Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. Chinsenga chinalembedwa ndithu, monga m'buku la A. S. B. Ranger la mu 1928 lotchedwa Chinsenga Handbook, koma sichinakhale chiyankhulo chovomerezeka cha sukulu.

Dziko litalandira ufulu, lamulo la maphunziro la mu 1966 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Kusintha kwa maphunziro kwa mu 1977 kunavomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'chiyankhulo chake, komabe kunasiya Chingerezi pamalo pomwepo. Zotsatira zake zinaonekera m'kafukufuku wa Eddie Williams wa m'zaka za m'ma 1990, amene anayerekeza ana a ku Zambia ndi a ku Malawi, n'kupeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, ngakhale a ku Zambia anayamba nacho msanga, pomwe pa kuwerenga chiyankhulo cha m'dera ana a ku Malawi, amene ankaphunzira m'Chichewa zaka zinayi zoyamba, anali patsogolo kwambiri. Ndondomeko ya mu 1996 yotchedwa Educating Our Future inatsegula njira yoti ana aziyamba kuwerenga m'chiyankhulo cha m'dera, ndipo kuyambira mu 2014 ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo zinakhala zophunzitsira kuchokera Giredi 1 mpaka 4. Ndondomeko ya mu 2023, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2025, inabwezeretsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira m'makalasi oyambirira.

M'kusintha konseku mwana wa Chinsenga sanaphunzirepo mokwanira m'chiyankhulo cha amayi ake. Chinsenga ndi Chinyanja ndi zapachibale ndipo akuluakulu amamvana mosavuta, koma mawu ambiri a tsiku ndi tsiku ndi osiyana. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wa m'mudzi wa ku Nyimba amadziwa manzi, ng'anda, kulya, kulawila ndi lomba, pomwe buku lili m'manja mwake likunena madzi, nyumba, kudya, kuyankhula ndi tsopano. Mphunzitsi akaloza chithunzi cha nyumba n'kufunsa kuti dzina lake likuyamba ndi liwu lanji, mwanayo amayamba waganiza za ng'anda, kenako n'kufufuza liwu la m'buku, ndipo pomwe akulipeza mnzake wa pa boma, amene amamva Chinyanja kumsika ndi pa wailesi, wakweza kale dzanja. Geoffrey Tambulukani ndi Adriana Bus anafalitsa mu 2012 kafukufuku woonetsa kuti ana a ku Zambia amene chiyankhulo chophunzitsira sichinali chomwe anachizolowera ankatsalira pa kuwerenga poyerekeza ndi anzawo amene anachizolowera. Mwambi umati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo ana a m'kalasi imodzi ku Petauke sayambira limodzi.

Zomwe zimachedwetsa kumva

Chifukwa choyamba chili m'kagwiridwe ntchito ka ubongo. Munthu amatha kusunga zinthu zochepa zokha m'maganizo pa nthawi imodzi pomwe akuzigwiritsa ntchito, ndipo wophunzira m'chiyankhulo chachilendo amathera gawo lalikulu la mphamvu imeneyi pa kumasulira mawu, n'kutsala ndi yochepa yoganizira samu kapena sayansi yomwe ikuphunzitsidwa. Jim Cummins wa ku Canada anasiyanitsa chiyankhulo chochezera ndi chiyankhulo cha maphunziro, n'kupeza kuti ana obwera m'dzikolo ankadziwa Chingerezi chochezera m'zaka pafupifupi ziwiri, koma cha maphunziro chinkawatengera zaka 5 mpaka 7, ngakhale ankachimva paliponse. Mwana wa m'mudzi wa ku Petauke amachimva kwenikweni m'kalasi mokha. Zining'a zimawonjezera vutoli, chifukwa wophunzira angadziwe liwu lililonse la "the penny dropped" koma osadziwa kuti nkhani yake ndi ya kumvetsa, ndipo kulephera kumva chining'a chonena za kuchedwa kumva kumatengedwanso ngati umboni wa kuchedwa kumva.

Chifukwa chachiwiri ndi kuzolowera. Munthu amamva msanga chinthu chatsopano chikakhala ndi pogwira pa zomwe akuzidziwa kale. Mu 1979 Serpell anafalitsa kafukufuku woyerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England pa ntchito yokopera zithunzi, ndipo a ku Zambia anapambana popanga zithunzizo ndi waya, a ku England anapambana pojambula ndi pensulo, pomwe poumba magulu awiriwa anafanana. Nzeru zoyesedwa zinali zofanana, koma chomwe chinkasintha zotsatira ndi chipangizo chomwe ana anachizolowera. Pa maziko omwewa ku Zambia kunakonzedwa mayeso otchedwa Panga Munthu, omwe mwana amaumba chifanizo cha munthu m'malo molemba.

Chifukwa chachitatu ndi thanzi. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ku Zambia anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumayendera limodzi ndi kuchedwa kukula kwa ubongo. Malungo obwerezabwereza, kuchepa kwa magazi, likodzo ndi njala ya m'mawa zimafooketsa chidwi, pomwe mwana wotuluka mafinya m'khutu kapena wosaona bwino pa bolodi angakhale chaka chonse kumbuyo kwa kalasi osamva theka la zomwe zikunenedwa. Palinso ana amene ali ndi vuto lenileni la kuwerenga lobadwa nalo, lomwe limavutitsa kulumikiza zilembo ndi maliwu ngakhale nzeru zawo zina zili bwinobwino.

Chifukwa chachinayi ndi kaphunzitsidwe. Mary Budd Rowe anapeza ku America m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha atafunsa funso, ndipo ana omwe ankaonedwa ngati ofooka ankapatsidwa nthawi yochepa kuposa anzawo. Nthawi yodikira itafika masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ana omwe ankangokhala chete anayamba kuyankha. M'makalasi odzaza, monga momwe ambiri akhalira chiyambire maphunziro aulere mu 2022, mphunzitsi amakakamizika kuthamanga ndi silabasi, ndipo funso lakuti "Mwamva?" limayankhidwa ndi kalasi yonse pamodzi. Popeza kumva kumatanthauza kumva ndi khutu, kumvetsa ndi kumvera, mwana waulemu amavomera moona mtima kuti wamva ngakhale sanamvetse.

Zodziwika ndi zomwe zikutsutsanidwa

Akatswiri amagwirizana pa mfundo zingapo. Ana amasiyanadi pa liwiro lophunzirira, ngakhale atakhala a chiyankhulo chimodzi ndi thanzi lofanana. Liwiro lochitira tintchito tosavuta limagwirizana ndi zotsatira za mayeso a nzeru, koma mgwirizanowo ndi wochepa kapena wapakatikati, kotero kuti sungagwiritsidwe ntchito poweruza munthu mmodzi. Mwana amaphunzira kuwerenga mosavuta m'chiyankhulo chomwe amachidziwa, ndipo luso limeneli limasamukira ku chiyankhulo chachiwiri. N'zodziwikanso kuti kuyankha msanga kungasokeretse, monga Daniel Kahneman anafotokozera m'buku lake la mu 2011 lotchedwa Thinking, Fast and Slow, lomwe limasiyanitsa kuganiza kothamanga kodalira chizolowezi ndi kuganiza kodekha kofufuza.

Mkangano woyamba ndi wa mphamvu ya maina. Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson analemba mu 1968 kuti ana omwe aphunzitsi anauzidwa kuti achita bwino anachitadi bwino, ngakhale anasankhidwa mwachisawawa. Ofufuza ena anatsutsa kayezedwe kawo, ndipo kafukufuku wotsatira waonetsa kuti mphamvu ya chiyembekezo cha mphunzitsi ilipo koma kawirikawiri ndi yaing'ono, ngakhale imakula pa ana a m'magulu onyozedwa kale. Ena amati dzina monga "slow learner" limathandiza kuti mwana apeze chithandizo, pomwe ena amati komwe kulibe chithandizo chapadera dzinalo limangopatsa aliyense chifukwa chosiyira kuyesetsa.

Mkangano wachiwiri ndi wa chiyankhulo. Makolo ambiri amafuna Chingerezi msanga chifukwa ndicho cha mayeso, cha koleji ndi cha ntchito, ndipo amaona kuti ana a m'masukulu olipira amachiyamba ali aang'ono. Akatswiri ambiri a chiyankhulo amayankha kuti kuyamba msanga sikuthandiza ngati mwana sakumva zomwe zikunenedwa. Pakati pa ofuna chiyankhulo cha m'dera palinso kusiyana: ena amati Chinsenga n'choyandikana ndi Chinyanja mokwanira kuti mabuku amodzi atumikire onse, pomwe ena, poloza ubale wa Chinsenga ndi ziyankhulo monga Chilala ndi Chibisa, amati mwana wamng'ono amafunika mabuku a Chinsenga chenicheni. Ntchito ya Lazarus Miti, amene anafalitsa kusanthula kwa Chinsenga mu 2001, ikuonetsa kuti maziko olembera mabuku otere alipo, ndipo mafunso otsala ndi a ndalama, aphunzitsi ndi chifuniro cha boma.

Zoyenera kuchita

Choyamba chikukhudza mawu a mphunzitsi. Ndemanga yothandiza imatchula chomwe mwana sanachidziwebe, monga kuti sanayambe kulumikiza maphatikizo kapena kuti amasokonezeka pa samu zobwereka, chifukwa mawu otere amauza kholo ndi mphunzitsi wotsatira poyambira. Ndemanga yakuti mwana ndi wobuntha kapena wouma mutu siiuza aliyense chochita. Pophunzitsa zining'a za Chingerezi m'makalasi apamwamba, n'koyenera kufotokoza chithunzi chomwe chili pansi pa chilichonse, kuchiyerekeza ndi mawu a Chinyanja ndi a Chinsenga omwe ophunzira akuwadziwa, ndi kuwachenjeza kuti zina, monga za matabwa ndi za zipangizo zobuntha, ndi zachipongwe zosayenera kunenedwa kwa munthu pamaso kapena m'kalata ya ntchito.

Chachiwiri ndi kufufuza chifukwa asanaperekedwe dzina. Mphunzitsi angafunse funso lomwelo m'Chinsenga, kapena kulola mwana kufotokoza m'Chinsenga zomwe wamva, ndipo ngati yankho latuluka, zadziwika kuti vuto linali la chiyankhulo. Angamusunthire kutsogolo kuti aone ngati vuto ndi la makutu kapena maso, n'kulangiza makolo kupita naye kuchipatala. Angadikire masekondi angapo atafunsa funso, kulola ana kukambirana awiriawiri asanayankhe, ndi kupempha mwana mmodzi kuti aonetse pa bolodi m'malo modalira kuvomera kwa gulu.

Chachitatu ndi kupereka nthawi mwadongosolo. Pulogalamu ya Catch Up, yomwe Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuyesa mu 2016 m'masukulu 80 a m'zigawo za Kum'mawa ndi Kum'mwera potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India, imagawa ana a Giredi 3 mpaka 5 malinga ndi pomwe afika pa kuwerenga ndi samu, osati malinga ndi kalasi yawo, ndipo mwana amakwera gulu akangodziwa zomwe gulu lake likuphunzira. Njira imeneyi imatenga kutsalira ngati malo omwe mwana ali lero, ndipo ikugwirizana ndi ganizo la Carroll lakuti chosiyanitsa ana ambiri ndi nthawi.

Makolo ndi atsogoleri a m'midzi ali ndi gawo lawo, chifukwa ndiwo amaona nzeru zomwe sukulu siziona. Mwana amene amaweta ng'ombe osataya ngakhale imodzi, amene amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East ku Nyimba n'kubweza chenji molondola, kapena amene amatumidwa uthenga wautali n'kuufikitsa wonse, waonetsa kale kukumbukira, kuwerengera ndi kudalirika. Kholo likauza mphunzitsi zimenezi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, limam'patsa umboni wotsutsa chigamulo chothamangira. Sukulu ili ndi udindo woyeza zomwe mwana wadziwa, koma isananene kuti mwana wa ku Petauke kapena ku Nyimba ndi wochedwa kumva, iyenera kutsimikiza kuti wafunsidwa m'chiyankhulo chomwe amachimva, ali ndi thanzi lomulola kumva, ndipo wapatsidwa nthawi yokwanira yoyankhira.